Mmene mungayendere m'chipululu cha Namib pa galimoto yogonamo

Kuchoka pa kamudzi ka Solitaire kukafika ku doko la Walvis Bay, m'dziko la Namibia, pali makilomita pafupifupi 230. Pamtunda wonsewo palibe pomwetsera mafuta, palibe golosale, palibe mjigo, palibe ngakhale mwana wogulitsa mandasi m'mbali mwa msewu. Ife amene tinazolowera M1, pomwe sizitha mphindi khumi usanadutse pa kamsika kapena kupatukira wakabaza, zimatitengera nthawi kuti tikhulupirire zoti dziko lopanda anthu chonchi liliko. Ambiri akamva za chipululu amaopa kutitimira mumchenga. Mchengawo ulikodi, koma chimene chimagubuduza magalimoto a alendo ku Namibia ndi msewu wa miyala wooneka wosalala, dalaivala wothamangira kukafika kusanade, ndi kuwerengera molakwika mafuta ndi madzi.

Galimoto imene tikunena pano ndi ija amati motorhome. Kutsogolo kuli poyendetsera, kumbuyo kuli bedi, kakhitchini ka gasi, furiji, thanki ya madzi, ndipo zina zili ndi chimbudzi ndi kabafa. Ena amangoti kalavani, ngakhale kalavani yeniyeni ndi ija yochita kukoka.

Choyamba, sankhani mwezi

Pitani pakati pa Meyi ndi Seputembala. Masana kumakhala dzuwa lopiririka, koma usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira koposa Dedza, mwina mpaka madzi kuundana pamwamba m'beseni. Tengani jekete yeniyeni, chipewa ndi mabulangete. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mvula ikagwa kumapiri mitsinje youma imadzaza mwadzidzidzi pomwe inu muli pansi pa thambo lopanda ndi mtambo umodzi womwe. Miyezi yozizirayi ndi imenenso alendo amachuluka, choncho malo ogona a ku Sesriem, polowera kumilu yotchuka ya mchenga, omwe amayendetsedwa ndi Namibia Wildlife Resorts, asungitseni kudakali miyezi ingapo.

Chachiwiri, galimoto: yanu kapena yahayala

Ngati muli ndi yanu, njira yochokera ku Lilongwe ndi yodziwika: Mchinji, Chipata, Lusaka, Livingstone, kenako Katima Mulilo. Mutha kuwolokera pa mlatho wa Sesheke, kapena pa mlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa mu 2021, n'kudutsa pang'ono m'Botswana mpaka pachipata cha Ngoma. Mukalowa m'Namibia mutsata B8 kudzera ku Rundu ndi Grootfontein, kenako B1 mpaka ku Windhoek. Ndi ulendo wa makilomita opitirira 2,500 musanaone ndi mulu umodzi womwe wa mchenga, ndiye muupatse masiku anayi kapena asanu. Pachipata galimoto yakunja imalipira ndalama ya msewu ku Road Fund Administration, ndipo lisiti lake lisungeni chifukwa apolisi amalifunsa pamalodibuloko. Nyamulaninso mapepala a umwini wa galimoto. Ana osakwana zaka 18 amafunika kalata ya kubadwa yosonyeza mayina a makolo. Dziwaninso kuti pakati pa Rundu ndi Grootfontein, pa Mururani, pali chipata cha azowona za ziweto: nyama yaiwisi yochokera kumpoto siloledwa kupita kummwera. Musadzaze furiji ndi nyama ku Rundu, mukangoisiya pachipata.

Ambiri amakwera ndege mpaka pa bwalo la Hosea Kutako n'kuchita hayala galimoto ku Windhoek. Apa pali chisankho. Motorhome yaikulu, yomwe injini yake imazunguza matayala awiri okha, ndi yabwino kugonamo, koma ndi yaitali, yolemera, ndipo pamsewu wokumbika imagwedezeka mpaka makapu kulumpha m'kabati. Yaing'ono ya 4x4, yomangidwa pa thupi la Hilux kapena Land Cruiser, ndi yopanikiza koma imapita kulikonse. Ine ndingasankhe yachiwiriyi, pokhapokha mutakhala ndi ana aang'ono kapena agogo amene chimbudzi cham'galimoto chingawathandize usiku. Laisensi ya B imakwanira galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 ikadzaza. Ubwino wake, ku Namibia amayendetsa kumanzere ngati kwathu kuno.

Pepala la mgwirizano liwerengeni lonse mutakhala pansi. Safunsa anadya phula. Inshulansi zambiri za hayala siziphimba matayala, galasi lakutsogolo ndi kunsi kwa galimoto pokhapokha mutalipira mwapadera, ndipo izi ndiye zimene zimawonongeka kwambiri m'chipululu. Makampani ambiri amaletsa kupitirira makilomita 80 pa ola pamsewu wa miyala, amaletsa kuyenda usiku kunja kwa tauni, ndipo amaika kachipangizo kolemba liwiro lanu. Mukagubuduza galimoto muli pa 95, ngongole yonse ndi yanu.

Musanasaine, auzeni akuonetseni ndi manja: pomwe pali jeke ndi poikokera, mmene sipeya amaitsitsira, pampu yamagetsi yopopera matayala, geji yoyezera mpweya, fosholo, chingwe chokokera, chozimitsira moto, potsekera gasi. Yesani sipanala ngati ikugwiradi manati. Matayala a sipeya akhale awiri. Jambulani galimoto yonse pafoni, makamaka galasi ndi matayala.

Chachitatu, werengani ulendo m'maola ndi m'malita

Mapu akakuuzani makilomita 300, musaganize za maola atatu. Pamsewu wa miyala motorhome imayenda makilomita 50 kapena 60 pa ola mukaphatikiza kuima, ndiye amenewo ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Musapitirire pamenepo pa tsiku. Nyamukani m'mamawa, ndipo pofika 3 koloko masana mukhale mwafika. Maola otsalawo ndi osungira tayala lophulika.

Misewu ya kumeneko imadziwika ndi zilembo. Ya B ndi ya phula. Ya C yambiri ndi ya miyala koma amaipala pafupipafupi. Ya D ndi yaing'ono, ina yabwino ina yoipa kwambiri. Kuchoka ku Windhoek kupita ku Sesriem, njira yaifupi ndi yodzera ku Rehoboth n'kutsikira pa Remhoogte Pass kapena ku Büllsport. Yaitali koma yokhala ndi phula lochuluka ndi ya ku Mariental ndi Maltahöhe, ndipo ndi imene ndingalangize wa motorhome yaikulu. Foni ikakulozerani ku Spreetshoogte Pass, ikanireni. Malowo ndi okongola, koma msewu umatsika pafupifupi mamita 1,000 pa makilomita anayi okha, ndipo malole ndi makalavani saloledwa. Mabuleki a galimoto yolemera amapsa pamenepo.

Lamulo la mafuta ndi limodzi: pomwe mwapeza pampu, dzazani, ngakhale thanki ili theka. Pa Solitaire ndi pa Sesriem pali mafuta, koma pampu yakumudzi ikhoza kuuma kapena makina a khadi kukana chifukwa cha netiweki. Yendani ndi ndalama zapamanja. Dola ya Namibia ndi yofanana mphamvu ndi randi, ndipo randi amalandira paliponse. Gulani simu ya MTC, koma musaidalire. Mukangochoka pamsewu wa phula imasowa kwa maola. Koperani mapu m'foni musananyamuke, ndipo gulaninso mapu apepala. Wachibale mmodzi adziwe komwe mugone usiku uliwonse ndi tsiku lomwe ayambe kukufunsafunsani mukapanda kuimba.

Chachinayi, madzi ndi katundu

Madzi akumwa ndi malita asanu munthu aliyense pa tsiku. Awa ndi akumwa okha, osati ophikira kapena otsukira. Pamwamba pake onjezani a masiku awiri amene simuwakhudza pokhapokha zitavuta. Anthu anayi ndiye kuti malita 20 pa tsiku, ndi ena 40 osungira. Musawaike onse m'thanki ya galimoto, chifukwa mwala umodzi ukaboola paipi ya kunsi, onse athera m'fumbi inu osadziwa. Agaweni m'zigubu zingapo. Madzi a m'makampu ambiri ndi a pachitsime, ena ndi amchere pang'ono. Ndi abwino kusamba ndi kutsukira, akumwa gulani m'tauni.

Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Zolemera zonse, zigubu, zitini, zida, zikhale pansi ndiponso pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Padenga pasakhale cholemera. Galimoto yolemera kumutu ndi imene imagwa pakona.

Chakudya chathu chimayenerana ndi ulendowu kuposa cha azungu. Ufa suwola, ndipo kumeneko umapezeka m'sitolo iliyonse. Soya, mpunga, mtedza, chiponde, nsomba zam'chitini, anyezi ndi kabichi zimapirira kutentha. Nyemba zouma zisiyeni, zimatha gasi ndi madzi, gulani zam'chitini. Mpoto wa nsima uviikeni ndi madzi ochepa mukangopakula, mukatero simutaya malita atatu pokwecha. Onjezani mapaketi a ORS, mankhwala a mutu ndi a m'mimba, mabandeji, mafuta odzitetezera kudzuwa (khungu lakuda limapsanso, ndipo milomo imang'aluka), tochi yovala kumutu, ndi adaputa, popeza masoketi a kumeneko ndi a mano atatu obulungira ngati a ku South Africa, osati athu aja.

Chachisanu, kuyendetsa pamsewu wa miyala

Apa ndiye pagona nkhani. M'mawa uliwonse musanalize injini, yang'anani oyilo, madzi a injini, manati a matayala, ndi pansi ngati pali chodontha. Tsekani gasi pa silinda penipeni. Khomani makabati ndi chitseko cha furiji, tsekani mawindo a padenga. Aliyense akhale pampando wa lamba. Pabedi lakumbuyo sagonapo munthu galimoto ikuyenda.

Mukafika pothera phula, imani, phwetsani matayala pang'ono. Pa 4x4 yaing'ono anthu ambiri amatsitsa kufika pa mabaa 1.8 pa geji yoyezera mpweya, koma pa motorhome yolemera tsatirani nambala imene eni galimoto akupatsani, chifukwa tayala lophwa kwambiri pansi pa katundu wolemera limatentha n'kuphulika. Yezani matayala asanatenthe. Ngati ili 4x4, lowetsani giya ya matayala onse anayi yothamangira, ija ya 4H. Yatsani nyali ngakhale masana. Kumeneko ndi lamulo, komanso m'fumbi ndi nyaliyo imene mnzanu amayamba kuona.

Msewu wa miyala umanyenga chifukwa ndi wotambalala ndi wowongoka, ndipo phazi limalemera lokha. Timiyala tapamwamba tili ngati nandolo wothiridwa pasimenti: mukuyenda bwinobwino, koma tayala silinagwire pansi kwenikweni. Khalani pakati pa 60 ndi 70. Chepetsani liwiro musanalowe pakona, osati muli kale mkati. Chitaninso chimodzimodzi musanafike pamotsetsereka modutsa mtsinje wouma, pomwe pamakhala mchenga wofewa, ndiponso pa zitsulo zopingasa zotchinga ng'ombe. Pokwera kamtunda komwe simukuona kuseri, gwirani kumanzere kwenikweni.

Galimoto ikayamba kuterereka, kapena tayala lakumanzere likalowa m'mulu wa miyala wam'mbali, thupi limafuna kuponda buleki n'kukhotetsa chiwongolero mwamphamvu kubwerera pakati. Ngozi zambiri zimachitika pamenepo. Chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero ndi manja awiri, lolani galimoto ipite mowongoka mpaka liwiro litatsika, kenako bwererani mumsewu mofatsa. Kutuluka mumsewu n'kukaima m'tchire matayala ali pansi n'kwabwino kuposa kugubuduzika muli mumsewu. Tayala likaphulika, chitani zomwezo.

Mudzakumana ndi malo omwe msewu unachita mizere ngati malata. Mukayenda pang'onopang'ono mano amagundana, mukathamanga galimoto imauluka pamwamba pake osagwira pansi. Pezani liwiro lapakati pomwe kugwedezeka kwachepa, koma lisapitirire malire aja. Pakatha ola lililonse imani, zungulirani galimoto, gwirani matayala. Pamsewu wotere tayala lakumbuyo limatha kuphwa inu osamva mpaka litanyenyeka.

Ikamabwera galimoto kutsogolo, chepetsani n'kupatukira kumanzere kuti mwala usaswe galasi. Yakutsogolo kwanu ikamatulutsa fumbi, isiyeni ipite, m'fumbi sapitirirana. Potsika mapiri gwiritsani giya yaing'ono, buleki muzingoigusa. Ndipo dzuwa likamalowa mukhale mutaima. Madzulo ndi usiku ngoma, njiri, nthiwatiwa ndi gemsbok, nyama ija ya nyanga zazitali zowongoka yofanana ndi mphalapala, zimadumphira mumsewu mosayembekezeka.

Chachisanu ndi chimodzi, Sesriem ndi mchenga weniweni

Dzina loti Sesriem ndi la Chiafrikaans, kutanthauza zingwe zisanu ndi chimodzi zachikopa zimene apaulendo akale ankalumikiza kuti chidebe chifike pamadzi m'chigwembe cha mtsinje wa Tsauchab. Apa ndi pakhomo lolowera ku Sossusvlei, dera la milu ikuluikulu ya mchenga, m'nkhalango yotetezedwa ya Namib-Naukluft, ndipo nyanja ya mchenga imeneyi inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2013. Pali zipata ziwiri. Chakunja chimatsegulidwa dzuwa likamatuluka, chamkati ola limodzi dzuwa lisanatuluke. Ogona pakampu yamkati ndiwo amafika pamilu ya mchenga kukadali kozizira, n'chifukwa chake malo aja amalimbiranidwa. Lipirani chilolezo cholowera pa ofesi ndipo pepalalo likhale pafupi.

Kuchoka pachipata, makilomita 60 ndi a phula, liwiro lake 60. Pa kilomita ya 45 pali Dune 45, mulu umene ambiri amakwera. Phula likatha pali poimika magalimoto, ndipo makilomita asanu otsalawo ndi mchenga wakuya. Motorhome yosakhala 4x4 ithere pomwepo. Kwerani magalimoto onyamula alendo amene amadikira pamalopo. Palibe manyazi. Kukokedwa kumadula kuposa tikiti.

Wa 4x4 amene akufuna kudziyesa aphwetse matayala kufika pa mabaa 1.5 kapena kutsikirapo pang'ono, alowetse giya yamphamvu ya 4L, ayende pa giya yachiwiri kapena yachitatu mosadukiza, atsate mikwaso ya anzake, asakhote mwadzidzidzi. Pitani m'mawa, mchenga wozizira umalimba. Mukatitimira, chotsani phazi pamoto nthawi yomweyo, chifukwa tayala lozungulira pamodzimodzi likudzikumbira dzenje. Tsikani, fosholani kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala onse ndi pansi pa mimba ya galimoto, phwetsaninso pang'ono, yalani mamati a m'galimoto pansi pa matayala, yesani kubwerera m'mbuyo mwa mikwaso yanu. Mukangofika pa phula popaninso.

Ku Deadvlei, komwe kuli mitengo yakuda youma itaimirira padothi loyera, mumayenda wapansi pafupifupi kilomita imodzi. Valani nsapato zotseka, osati patapata, mchengawo pofika 10 koloko umawotcha ngati phulusa lamoto. Nyamulani madzi. Mitengoyo saikwera ndipo saigwira.

Chachisanu ndi chiwiri, usiku pakampu

Gonani m'makampu ovomerezeka. Malo ambiri amene akuoneka opanda mwini ndi mafamu a anthu kapena nkhalango ya boma. Musaimike galimoto m'khwawa louma ngakhale pali mthunzi wabwino. Imikani pamalo athyathyathya, mphuno italoza kochokera mphepo. Nkhuni gulani, kutola n'koletsedwa, ndipo moto uzimitseni ndi mchenga musanagone. Nsapato zilowe m'galimoto, kapena muzikutumule m'mawa, zinkhanira zimakonda kubisalamo. Nkhandwe zimaba chilichonse chosiyidwa panja, ngakhale nsapato yomweyo. Furiji imadya batire yachiwiri ya galimoto, yosungira magetsi a kumbuyo. Pomwe pali magetsi lumikizani, pomwe palibe musamaitsegule pafupipafupi. Zam'chimbudzi ndi madzi otsukira zili ndi pothira pake, funsani oyang'anira. Mukatha zonse zimitsani nyali, mukhale panja pang'ono. Nyenyezi za kumeneko sizifanana ngakhale ndi za kumudzi usiku wopanda mwezi.

Galimoto ikafa panjira

Ikankhireni m'mbali, ikani zikwangwani zochenjeza, ndipo musaisiye. Galimoto imaoneka patali, ili ndi mthunzi, ili ndi madzi anu. Munthu wapansi saoneka, ndipo phiri looneka pafupi m'chipululu lili pa mtunda wa tsiku lathunthu. Pamisewu ya C magalimoto amadutsa, ndipo anthu a kumeneko amaima akaona mnzawo wavutika. Mpatseni wodutsayo kapepala kolemba dzina la msewu, mtunda kuchoka pamalo odziwika, ndi nambala ya eni galimoto kuti akaimbe akapeza netiweki. Injini ikatentha kwambiri, dikirani izizire musanatsegule chotsekera madzi, mungapse nkhope. Posintha tayala, jeke ikhale pa thabwa kapena mwala waphanthi.

Imwani madzi musanamve ludzu. Mkodzo ukayamba kuda, mutu kuwawa, chizungulire, ndiye kuti thupi lauma: mthunzi, ORS, kapena lita imodzi ya madzi yosakaniza masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Munthu akayamba kubwebweta kapena kukomoka thupi lili moto, mnyowetseni, mkupizeni, ndipo galimoto yoyamba kudutsa imutengere kuchipatala.

Kutsikira kunyanja

Tsiku loyenda msewu wa C14 wopita ku Walvis Bay dzazani thanki pa Solitaire, idyani chitumbuwa cha maapozi chimene malowo amatchuka nacho, ndipo nyamukani kusanatenthe. Mudzadutsa chikwangwani cha Tropic of Capricorn, kenako makona a Gaub Pass ndi Kuiseb Pass, pomwe muyenera kuyenda ngati kamba. Kutsogoloko ndi chigwa cha miyala chopanda mtengo. Musapatuke kukayendetsa m'chigwamo ngakhale pakuoneka posalala. Pamiyalapo pamamera ndere zosachedwa kufa, ndipo mkwaso wa tayala umakhalapo zaka makumimakumi.

Mukamayandikira Walvis Bay mphepo imasintha. Madzi ozizira oyenda m'nyanja, otchedwa Benguela, amabweretsa nkhungu, ndipo munthu amene masana amatuluka thukuta amayamba kufunafuna juzi. Apa popani matayala kubwerera pa mpweya wa phula. Kumpoto kwa Henties Bay, kulowera ku Cape Cross, msewu ndi wa mchere wotsendereza: ukauma uli ngati phula, ukanyowa ndi nkhungu umaterera ngati therere, ndiye chepetsani. Ku Swakopmund, makilomita pafupifupi 35 kuchoka ku Walvis Bay, kamatitsani tayala lililonse lobooka, gugudani fumbi m'sefa ya mpweya ya injini, dzazaninso zigubu ndi silinda ya gasi. Ngati mukupitirira ku Spitzkoppe, musachoke m'tauni zigubu zisanadzaze, chifukwa pamalo ogona a m'matanthwe amenewo palibe mpopi.